Kuyezetsa malungo kwa APE wa m'mudzi mwathu: zimene ndaona pa nyengo zitatu za dzinja

Kwathu ndi m'dera la Domué, m'boma la Angónia, ku Mozambique, ndipo kuchokera pakhomo panga kukafika pa chipatala chaching'ono chimene tili nacho pafupi ndi ulendo wapansi wa maola awiri ndi theka, ngati mitsinje iwiri imene timawoloka sinadzaze. M'mudzi mwathu momwemo muli mayi ena amene tinawasankha tokha pabwalo la amfumu, anakaphunzira miyezi 4, n'kubwerako ndi bokosi la mankhwala, chikwama, kaundula ndi udindo wa dzina lachipwitikizi lakuti Agente Polivalente Elementar, limene aliyense amangolidula kuti APE. Kwa nyengo zitatu za dzinja ndakhala ndikupita kwa mayiwa ndi ana anga, ndi mdzukulu wanga, ndi apongozi anga, ngakhalenso ine mwini thupi litandiphwanya, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndilembe mmene thandizo lawo pa malungo likuyendera, zokoma zake ndi zoperewera zake, kuti a m'midzi ina ya ku Tsangano, Macanga ndi Chifunde ayerekeze ndi zimene akuona kwawo.

Ntchito ya ma APE si yachilendo m'dziko muno. Inayamba mu 1978, patangopita zaka zitatu tilandirire ufulu, inafooka kwambiri pa zaka za nkhondo, ndipo boma linaidzutsanso mu 2010. Masiku ano m'makalata mukuoneka dzina lina lakuti Agente Polivalente de Saúde, koma kumudzi dzina lakale silinachoke pakamwa. M'bokosi la mayi athu mumakhala tizipangizo toyezera malungo, mankhwala a malungo otchedwa Coartem a misinkhu inayi, mankhwala a artesunate olowetsa kumbuyo kwa mwana amene wadwala kwambiri, panado, zinki ndi mchere wosungunula m'madzi wa otsegula m'mimba, umene abale athu a ku Dedza amautcha thanzi, amoxicillin wa chibayo, ndi kalamba koyezera mkono wa mwana amene akunyentchera. Pa zonsezi salipiritsa ngakhale metical imodzi, ndipo nkhuku imene mkazi wanga anawatengera tsiku lina anaibweza mwaulemu.

Munthu akandifunsa chimene bokosi limeneli latipatsa, sindiyamba ndi kutchula mankhwala, chifukwa mankhwala omwewo kuchipatala aliko. Chachikulu chimene tapeza ndi maola amene kale ankathera panjira, kapena ankathera pakhonde tikufunsana ngati mwana wadwaladi mofika ponyamuka naye ulendo wautali. Kuti munthu amvetse kulemera kwa maola amenewa ayenera kudziwa mmene nthendayi imayendera m'thupi. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu usiku umasiya tizilombo ta Plasmodium, ndipo m'dziko muno pafupifupi malungo onse amachokera ku mtundu woopsa kwambiri wotchedwa falciparum. Tizilomboto timayamba takabisala m'chiwindi pafupifupi sabata yathunthu, tikuswana mwakachetechete, mwini thupi akupalira chimanga chake osamva kanthu. Tikatuluka m'chiwindi timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo pa maola 48 alionse selo logwidwa limaphulika n'kutulutsa tizilombo tina toposa 10, timene timathamangira m'maselo atsopano. Kuphulika kumeneko ndiko kumabweretsa kunjenjemera, kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya m'mfundo. Mwana amene wachedwa masiku awiri amakhala ndi tizilombo tochuluka kangapo kuposa tsiku loyamba, ndipo selo lililonse limene laphulika ndi magazi amene achepa. Choipitsitsa cha falciparum n'chakuti maselo ogwidwawo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo ndi m'ziwalo zina n'kutsekereza magazi, ndipo apa ndi pamene malungo wamba amasanduka malungo aakulu, okomola ndi kupha. Achipatala akamanena kuti mwana wotentha thupi ayezedwe pasanathe maola 24, amakhala akuwerengera kuswana kumeneku. Kale ife maola 24 amenewo sitinkawakwanitsa konse. Lero kuchoka pakhomo panga kukafika pa khonde la a APE ndi mphindi 10.

Kayezedwe kawo ndimakakonda chifukwa amachita zonse poyera, wodwala akuona. Amavala magolovesi, amang'amba kapepala ka kachipangizo pamaso pako ataona kaye tsiku limene kadzathere mphamvu, amalembapo dzina lako, amapukuta chala ndi kathonje ka sipiriti, amabaya kamodzi ndi kasingano katsopano, n'kutenga kadontho kochepa kwambiri ka magazi. Kadonthoko amakaika m'kabowo kake, amadonthezera timadzi ta m'kabotolo m'kabowo kena, kenako amayang'ana nthawi pa foni. Malangizo a tizipangizo timene amalandira amati munthu adikire mphindi 15 kapena 20, ndipo sindinawaonepo akufupikitsa nthawiyo ngakhale pakhonde patakhala mzere wa amayi obereka ana. Mzere umodzi ukatuluka pa chilembo C ndiye kuti kachipangizoko kagwira ntchito ndipo malungo sanapezeke. Mizere iwiri, pa C ndi pa T, ndiye kuti alimo, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino ngati ulusi. Pa C pakapanda kutuluka kanthu amakataya n'kuyambiranso. Masingano ogwiritsidwa kale ntchito amawaponya m'katoni yachikasu imene amakaisiya kuchipatala, ndipo pabwalo pawo, pamene adzukulu awo amasewera, sindinapezepo ngakhale imodzi itagwa pansi.

Pamene ndinawalemekeza koposa ndi tsiku limene anakana kupereka Coartem. Apongozi anga anabwera ndi mdzukulu wawo wina wa zaka ziwiri, mwana wa mlamu wanga, thupi lili moto ndipo akukana phala. Kachipangizo kanaonetsa mzere umodzi. Apongozi sanakhutire, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa m'chilankhulo chathu mawu akuti malungo timatchulira kutentha thupi kulikonse ndi kuphwanya kulikonse, kotero munthu wamkulu ukamuuza kuti mwana wotentha chonchi alibe malungo amamva ngati ukumuuza kuti mwanayo sakudwala. Iwo anati, "Mayi, ine ndalera ana 8, malungo ndimawadziwa ndi dzanja. Mpatseni mankhwala mwanayu." A APE anayankha modekha kuti, "Agogo, kuti mwanayu akudwala sindikukana, koma tiyeni tione chimene chikumudwalitsa." Anavula mwanayo malaya, anadikira kuti asiye kulira, n'kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Kunapitirira 40, umene ndi malire a mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, ndipo anati chimenechi ndi chibayo. Anapereka amoxicillin, anafotokoza kamwedwe kake, ndipo pa tsiku lachitatu anapita okha kukamuona mwanayo, amene anamupeza akudya. Akanapereka Coartem kuti akondweretse agogo, chibayocho chikanapitiriza ntchito yake masiku atatu banja lonse likukhulupirira kuti mwana ali pa mankhwala. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2010 kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyamba wayezedwa asanalandire mankhwala, koma kulemba lamulo ku Geneva n'kwapafupi kusiyana ndi kulisunga pamaso pa gogo amene anakuona ukubadwa.

Kachipangizo kameneka kali ndi malire ake, ndipo wowerenga ayenera kuwadziwa. Sikaona tizilombo tenitenito monga amachitira makina a maikulosikopu kuchipatala. Kamangozindikira puloteni ina yotchedwa HRP2 imene falciparum amatulutsa m'magazi. Puloteni imeneyi imatha kutsalira kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, choncho munthu amene wachira posachedwa akhoza kuonetsabe mizere iwiri. Zinachitikira mwana wanga wamwamuna wa zaka 11, amene anatenthanso thupi patangotha masabata awiri atamaliza Coartem. Mayi athu anatsegula kaundula, anaona tsiku limene anamupatsa mankhwala, ndipo m'malo momupatsanso anatilembera kalata yopita kuchipatala, kumene anapaka magazi ake pa galasi n'kupeza kuti tizilombo mulibe ndipo vuto linali pakhosi. Kachipangizoka sikanenanso kuchuluka kwa tizilombo, kotero kuti mizere iwiri ya munthu woyenda yekha ndi mizere iwiri ya mwana wotsala pang'ono kukomoka zikhoza kuoneka mofanana. Kusiyanitsa anthu awiriwa kumadalira maso a woyezayo.

Za Coartem ndili nazo zambiri, chifukwa apa ndi pamene ife odwala timalakwitsa kawirikawiri. Piritsi lililonse muli mankhwala awiri, artemether mamiligalamu 20 ndi lumefantrine mamiligalamu 120. Woyambayo amachokera ku chitsamba cha Artemisia annua chimene asayansi a ku China, motsogozedwa ndi Tu Youyou, anachifufuza m'zaka za m'ma 1970, ntchito imene inapezetsa Tu Youyou mphoto ya Nobel mu 2015. Artemether amapha tizilombo tambiri mofulumira kwambiri koma sakhalitsa m'thupi, pamene lumefantrine amachedwa kutuluka ndipo ndiye amasesa timene tatsalira. Mankhwalawa amamwedwa ka 6 pa masiku atatu: koyamba pomwepo, kachiwiri patatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 kupita m'tsogolo anayi. Mayi athu amamwetsa okha ulendo woyamba pakhonde pomwepo, a ana aang'ono atawasungunula m'timadzi ta pa supuni, ndipo salola kuti munthu achoke msanga, chifukwa mwana akasanza mkati mwa theka la ola amayenera kumwetsedwanso. Amatikumbutsanso nthawi zonse kuti lumefantrine salowa bwino m'magazi pamimba popanda mafuta, choncho wodwala amwere mkaka, kapena adye phala lothira nsinjiro, ndipo woyamwa ayamwitsidwe atangomwa. Malangizo a nsinjirowa ndi amene ndinawaona anzeru koposa, chifukwa mkaka si nyumba zonse zili nawo koma mtedza supereweratu m'nkhokwe za ku Angónia.

Vuto limabwera pa tsiku lachiwiri. Thupi limakhala litazizira, mwana wayamba kusewera, ndipo mayi wa ana ambiri amaona mapiritsi otsalawo ngati chuma choyenera kusungira mwana wina amene adzadwale mawa. A APE amalidziwa khalidwe limeneli, ndipo amayenda m'makomo kupempha kuti awone kapepala ka mapiritsi ngati mabowo onse ali opanda kanthu. Ena amawaona ngati ovuta pa zimenezi, koma ine ndili kumbali yawo kotheratu. Ife achikulire timakumbukira kolokwini, amene ankachiritsa bwino tili ana, mpaka tizilombo tinamuzolowera ndipo anasanduka wopanda ntchito. Malawi inamusiya mu 1993 n'kutenga Fansidar, ndipo Fansidar nayenso sanachedwe kufooka pochiza, kufikira mayiko onse awiri anasamukira ku mankhwala amene ife timawatcha Coartem pamene a kutsidya kwa malire amawatcha LA. Tsopano ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania kwapezeka kale tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu wa artemisinin, gulu limene muli artemether. Tizilombo timene timapulumuka m'thupi la munthu wosiyira mankhwala panjira ndi tolimba kuposa tinzake, ndipo udzudzu ukamuluma umatinyamula kupita nato kwa mnansi wake.

Usiku umene sindidzauiwala unali wa mu Febuluwale, mvula ikugwa yosalekeza. Mdzukulu wanga wa zaka zitatu ndi miyezi ingapo, mwana wa mwana wanga wamkazi, anayamba kutentha thupi dzuwa litapendeka, ndipo amake anamupatsa panado poganiza kuti apita naye kwa a APE kukacha. Pakati pa usiku tinadzutsidwa ndi kulira kwa amake. Mwanayo anali atagwidwa ndi linjirinjiri, maso atatembenuka, manja ataumirira, thovu lili kukamwa. Akuluakulu ena amene anathamangira kunyumbako ananena kuti izi si zachipatala ndipo tipite kwa asing'anga, ndipo sindikuwanyoza, chifukwa ndi mmene makolo athu ankamvetsera matenda otere. Ine ndinamufunditsa chitenje n'kuthamanga naye m'matope. Nditagogoda ndinati, "Odi, mayi, tadzukani, mwana wafika poipa," ndipo iwo anatsegula asanavale n'komwe nsapato, nati, "Lowani naye, bambo, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa." Anamuyeza ndi kuwala kwa tochi ya foni imene ine ndinagwirizira, ndipo mzere wachiwiri unatuluka wakuda bii mphindi zisanathe. Anatembenuza zikhatho zake n'kundionetsa mmene zinayerera, kusonyeza kuti magazi achepa. Popeza sakanatha kumeza, anamulowetsa artesunate kumbuyo, mankhwala amene amaperekedwa kwa ana osakwana zaka 6 asanatumizidwe kuchipatala, ndipo anauza amake kuti agwirizire matako a mwanayo pamodzi kwa mphindi 10 kuti mankhwalawo asatuluke. Nthawi yomweyo anali akulemba kalata yotumizira, momwe analembamo ola limene anapereka mankhwalawo.

Mawu amene anatiuza tikutuluka ndi amene ndikufuna kuti wowerenga aliyense awasunge, chifukwa anawabwereza katatu. Anati mankhwalawa sanachiritse mwanayu, angomugulira nthawi yofikira kuchipatala, ndipo ngakhale atatsitsimuka panjira n'kupempha madzi, tisabwerere. Zinachitikadi momwemo. Titawoloka mtsinje wachiwiri pa njinga yamoto ya mnansi wathu, mwanayo anatsegula maso n'kuitana amake, ndipo woyendetsa njingayo anafunsa ngati kuli kofunikabe kupitirira mumdima ndi m'matope otere. Ndikanakhala kuti sindinachenjezedwe, mwina ndikanavomera kubwerera, ndipo tizilombo timene tinali titangochepetsedwa tikanaswananso mkati mwa masiku awiri. Pa chipatala chaching'ono anamwino anawerenga kalata ija, anamubaya artesunate, ndipo kutacha anatitumiza ku Ulongué, likulu la boma lathu, kumene anamuika magazi. Malungo aakulu amafuna jakisoni wa artesunate kwa maola osachepera 24, kenako wodwala akayamba kumeza amamwa Coartem yense wa masiku atatu, ndipo ndi mmene anachitira ndi mdzukulu wanga. Tinatuluka pa tsiku lachisanu. Lero akuthamangitsa mbuzi ndi anzake, akulankhula ndi kumva bwinobwino, zimene si ana onse odwala malungo a mu ubongo amabwerera nazo.

Tsopano ndinene zoperewera, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zazikulu. Choyamba ndi kutha kwa katundu. Mayi athu amakatenga bokosi latsopano kamodzi pa mwezi pa njinga yakapalasa, koma malungo sabwera mofanana chaka chonse: kuyambira Januwale mpaka Epulo, pamene madambo adzaza ndipo zithaphwi zili paliponse m'mphepete mwa madimba, katundu wa mwezi amatha pa masabata awiri. M'mwezi wa Malichi chaka chatha tinakhala pafupifupi masabata atatu popanda tizipangizo toyezera, ndipo popanda kuyeza iwo sapereka Coartem, choncho aliyense ankangolemberedwa kalata. Pa masabata amenewo tinabwerera ku moyo wakale. Ena anayenda ulendo wa maola awiri ndi theka, ena anadikira kuti mwina thupi lizizira lokha, ndipo ambiri anapita kumsika kukagula mapiritsi oyoyola, opanda bokosi, osadziwika tsiku lothera mphamvu, ogulitsidwa anayi kapena asanu ndi limodzi molingana ndi ndalama za wogula. Inenso ndinagulapo nthawi imeneyo mkazi wanga atadwala ndili wopanda woti n'kumusiyira ziweto, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati chimene anamwa chinali mankhwala enieni. Mlandu umenewu si wa a APE, ndipo ndinawaona akudandaula kuposa ife tonse, koma wowunika thandizo ayenera kunena kuti limasowa pa nyengo yomwe likufunika koposa.

Chachiwiri ndi mayendedwe. Kalata yotumizira imatsegula chitseko cha chipatala, koma sinyamula munthu. Usiku wa mdzukulu wanga tinataya pafupifupi ola lathunthu tikufunafuna mafuta a njinga yamoto khomo ndi khomo, ndipo ngongole ya ulendowo ndinaibweza nditagulitsa thumba la mbatatesi. Banja lopanda thumba loti n'kugulitsa likhoza kulandira artesunate wa kumbuyo n'kukhala pakhomo, ndipo pamenepo mankhwalawo sapulumutsa mwana.

Palinso zing'onozing'ono. Alibe sikelo, motero kuchuluka kwa mapiritsi amakutengera pa zaka za mwana, njira imene imagwira ntchito kwa ambiri koma imakayikitsa kwa mwana wonenepa kwambiri kapena wowonda kwambiri pa msinkhu wake, makamaka makolo akataya khadi la kusikelo. Mpaka posachedwapa analibe nyali yodalirika, ndipo mzere wosaoneka bwino ndi wovuta kuuzindikira ndi tochi ya foni. Iwonso ndi mlimi ngati ife, ndipo ndalama yochepa imene amalandira pa ntchitoyi imachedwa kufika, choncho m'mawa wa nthawi yopalira umawapeza kumunda ndipo umayenera kutuma mwana kukawaitana. Za kasungidwe ka mankhwala ndilibe nazo nkhawa kuno kumapiri, chifukwa Coartem amafuna malo osatentha kupitirira madigiri 30 ndipo nyumba yawo yaudzu imakhala yozizira. Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, amandiuza kuti kumeneko bokosi losiyidwa m'nyumba yamalata ndi nkhani ina.

Pali anthu amene mayiwa sawachiza ngakhale bokosi litadzaza, ndipo ndi bwino kudziwiratu kuti munthu asakhumudwe. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi amalitumiza kuchipatala mosazengereza, ndipo amayi oyembekezera nawonso amawatumiza. Mwana wanga wamkazi ali ndi pakati pachiwiri ankamulondola mwezi uliwonse kumufunsa ngati wapita kusikelo kukamwa Fansidar, amene ngakhale anafooka pochiza amatetezabe mayi ndi mwana wosabadwa akamamwedwa kuyambira sabata ya 13, motalikirana mwezi, kosachepera katatu. Anamufotokozera kuti mwa mayi woyembekezera tizilombo timakonda kuunjikana m'nsengwa, kumene timachepetsa chakudya chopita kwa mwana, kotero kuti mayi akhoza kumadzimva bwino koma n'kubereka mwana wochepa thupi, iye mwini magazi atamuthera. Akamayendera makomo amalowa mpaka kuchipinda kukaona ngati masikito apachikidwadi, ndipo akapeza atatchingira mbewu za tomato kudimba amakanena kwa amfumu. Anthu ayamba kuwafunsanso za katemera wa malungo, popeza anamva kuti Malawi inayamba kubaya ana katemera wa RTS,S mu 2019, amene anayesedwapo kale ku Manhiça m'dziko lathu lomwe lino, ndiponso kuti katemera wa R21 anayambika ku Zambézia mu Ogasiti 2024. Yankho lawo limakhala lakuti katemera amachepetsa malungo koma sawathetseratu, ndipo mwana wobayidwa akatentha thupi abwere naye ayezedwe monga wina aliyense.

Kwa kholo la mwana wotentha thupi amene akumwa, akuyamwa ndiponso akuzindikira anthu, ndikulangiza ndi mtima wonse kuti liyambire kwa a APE tsiku lomwelo, litanyamula khadi la mwana ndi kapepala ka mankhwala alionse amene wamwa kale, kuphatikizapo a kumsika ndi a zitsamba, popanda kubisa. Kwa mwana wa linjirinjiri, wosanza chilichonse, wolephera kuyamwa, wofooka mosatha kukhala tsonga kapena wa zikhatho zoyera, pitaninso komweko chifukwa ndi kufupi, koma wina athamangiretu kukafuna njinga yamoto nthawi yomweyo, osadikira kuti mizere ituluke. Ife titaona ola limene tinataya usiku uja, tinakaitula nkhaniyi pabwalo la amfumu, ndipo pa msonkhano wa mwezi watha tinagwirizana kuti banja lililonse lisonkhe pang'ono, tigule nyali yoyendera dzuwa ndi malita 5 a petulo amene azikhala kunyumba kwa a APE, ndipo wogwiritsa ntchito azibweza akakolola. Nyali ija tagula kale ndipo yapachikidwa pakhonde pawo. Chigubu cha petulo chili ndi malita atatu, mabanja 11 sanasonkhebe, ndipo mvula yoyamba yagwa Lachiwiri lapitali.